Amuna Awiri a Sialou

Dzina langa ndine Loukou, kutanthauza kuti ndine wachikhumi ndi chimodzi kubadwa kwa mayi anga. Abale anga khumi aja anagawana msinkhu wonse, ine ndinangopeza zotsalira m'mbale. Ntchito yanga ndi kuomba nsalu, ndipo ndinaikonda chifukwa munthu amaigwira ali chikhalire, palibe amene amadziwa kuti ukaimirira ulekezera pati. Koma nkhaniyi si yanga. Ndi ya mkazi wanga Sialou, woumba mbiya wa m'mudzi mwathu muno kufupi ndi Tiébissou, amene tinamuika m'manda chaka chatha. Kungoti munthu sungafotokoze za Sialou osatchula amuna ake, ndipo amunawo tinalipo awiri.

Ndinamuona koyamba pamsika, atasenza dengu la mitsuko yosanjikizana, akuyenda ngati pamutu palibe kanthu. Anali wamtali, wa khosi lalitali la mizere, mtundu wa mkazi amene amuna amasiya nkhani pakati akamadutsa. Ine ndinali nditayala nsalu zanga pansi pa mtengo wa mango. Misika ingapo inadutsa ndikungomuyang'ana. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumupatsa kansalu kanga kabwino koposa, ka ulusi wabuluu ndi woyera, komwe ndinatherapo maso poomba. Anakatembenuza uku ndi uku, anathokoza mwaulemu, kenaka anakapinda n'kukulunga nkhata, n'kusenzerapo dengu lake. Anzanga oomba nsalu anaseka mpaka ena kugwa chagada. Ndinawauza kuti nsalu yanga ili pamutu pa mkaziyo pamene zawo zili pafumbi, koma mumtima ndinali nditafa kale ndi manyazi. Msika wotsatira anabwera ndi nkhata yomwe ija, yochapa bwino. Anaima pamalo panga n'kufunsa ngati ndili ndi ina, popeza iyi inali yofewa kuposa zonse zomwe anasenzerapo.

Abale ake sanandilandire ndi manja awiri. Azakhali ake, Mo Bomo, amene anamulera komanso kumuphunzitsa kuumba, ananena pagulu kuti mwana wawo anapita kumsika kukafuna mwamuna koma wabwerako ndi theka. Sialou anawayankha kuti mwamuna amene amakhala pansi tsiku lonse ndi ulusi m'manja umamupeza pomwe unamusiya. Mawu amenewa ndinawatenga ngati chiyamikiro kwa zaka zambiri, mpaka mbale wanga wina anandikumbutsa kuti za mtondo amanenanso chimodzimodzi.

Ntchito yake ankaidziwa. Ankakumba dothi kudambo, n'kulisakaniza ndi mapale akale osinja, n'kuliponda ndi mapazi mpaka limvere. Mbiya yaikulu sankaizunguza ayi, ankaizungulira iyeyo, akuyenda chammbuyo atawerama, dzanja limodzi mkati lina kunja, ndipo mbiyayo ikamafika m'chiuno mwake anali atayenda ulendo wokafika mudzi wina. Zikauma ankazisalaza ndi mwala wa kumtsinje, n'kuziwotcha pamulu wa nkhuni ndi udzu, kenaka n'kuziwaza madzi a makungwa zikadali zotentha kuti zide ndi kunyezimira. Madzi a mumtsuko wa Sialou ankazizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pamsika sankanyengerera munthu. Ankangogogoda mbiya ndi chala kuti wogula amve kulira kwake, ndipo amene wayamba kuinyoza kuti atsitsiridwe ankamulozera kwa woumba wina. Sankakonda kuyankhula pogwira ntchito. Ine ndinkayankhula za tonse awiri.

Zaka zoyamba za banja lathu zinali zowawa. Sialou anapita padera kawiri. Mwana wachitatu anabadwa, wamwamuna, koma tinamuika tisanamutulutse n'komwe m'nyumba. Nthawi yomweyo mbiya zake zinayamba kuphulika pamoto, mulu wonse kusanduka mapale. Anaonda, analeka kupita kumsika, ndipo m'mawa wina anauza Mo Bomo kuti kutulo kumabwera mwamuna wamtali amene amangoima pakhomo atakwinya nkhope, osanena kanthu. Ine sanandiuze. Ndinamva kwa azakhaliwo, amene anabwereza za kutalika kwa munthuyo kuposa momwe nkhaniyo inkafunira.

Anatitengera kwa Nja Kondro, woombeza ula wa mbewa. Mkuluyo anayala timitengo take m'mbale, anawazapo mankhusu a mpunga, n'kuvundikira mphika kuti mbewa za pansi zikwere kudzadya. Atavundukula anayang'ana momwe timitengoto tasokonezekera, ndipo sanachedwe. Anati ndi mwamuna wa ku blolo. Mwana aliyense kwathu kuno amadziwa kuti tisanabadwe tinkakhala ku blolo, kumenenso tidzabwerere tikafa, ndipo aliyense anasiyako mkazi kapena mwamuna. Ambiri mwa osiyidwawo amangodikira phee. Wa Sialou anali wansanje. Ankadandaula kuti mkazi wake wakwatiwa padziko osamutsazika, ndipo ndiye amene ankabweza ana ndi kuswa mbiya. Ankafuna amusemere thupi loti azifikiramo, azimupatsa chakudya, komanso usiku wa Lachinayi lililonse ukhale wake yekha, mwamuna wapadziko akagone kwina.

Ine ndinkafuna kuonetsa kuti nanenso pali amene amandilirira kwinakwake.

"Nja Kondro, nanga wanga wa ku blolo? Ameneyo sakudandaula?"

Mkuluyo anavundikiranso mphika, tinadikira, anavundukula. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Wanu akuti ali bwinobwino. Akuti musafulumire kubwerera."

Mo Bomo anaseka koyamba chimwalirire mwana uja. Sialou nayenso anabisa pakamwa ndi nsalu, ndipo chifukwa cha kaseko kameneko ndinavomera zonse.

Wosema wa m'mudzi mwathu anali Bohoussou, mnzanga wa paubwana, amene tinkalasa naye mbalame ndi legeni. Sialou anakhala pachitsa pabwalo lake n'kumufotokozera munthu wa kumaloto uja, ine ndili pomwepo. Anati ndi wamtali, wa ndevu zoluka, wa akatumba onenepa m'miyendo, ndipo amavala kabudula wa khaki, nsapato ndi wotchi ngati kalaliki wa pasiteshoni ya sitima ku Bouaké. Ine ndinayang'ana mapazi anga ong'ambikang'ambika n'kuwabisa pansi pa mpando.

Mawa lake ndinabwererako ndekha ndi chipanda cha uchema, mowa wa kanjedza. Tinamwa, tinakumbutsana zakale, kenaka ndinafika pankhani.

"Iwe Bohoussou, mtengo ndi mtengo. Ungomufupikitsako miyendo, mphunoyo uiphwathalitse pang'ono, pamutu pakhale kadazi. Adziwa ndani?"

"Adziwa mwiniwake," anatero akunola kasemasema. "Ndikamusema monyansa salowamo, akwiya kuposa kale, ndiye uika mkazi wako. Ndi zimene ukufuna?"

Ndinati ayi.

"Komanso wofupika miyendo wa dazi ali naye kale. Wachiwiri achita naye chiyani?"

Uchema wanga anaumaliza wonse.

Patapita milungu ingapo Bohoussou anabwera naye mwamuna uja atamukulunga m'masamba a nthochi. Kutalika kwake kunali kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala, komabe ukamuyang'ana unkadziwa kuti uyu ndi munthu wamtali. Mpaka lero sindimvetsa momwe Bohoussou anachitira zimenezo. Anali wakuda wonyezimira, maso otsinzina pang'ono ngati munthu amene sanayambe wafunsidwapo kuti ndiwo za lero zichokera kuti, manja ali pamimba, kawotchi kali pamkono. Sialou anamulandira ndi manja awiri, anamuphera nkhuku, n'kumuika pakona ya chipinda chogona, pamalo pomwe anazira ndi dothi loyera.

Kenaka anandipempha kuti ndimuombere kansalu. Ndinavomera msanga, popeza ndinali nditakonza kale zoti ndigwiritse ntchito ulusi wotsala, wosuluka, wodukaduka. Koma nditakhala pachoombera maganizo anandifikira akuti munthuyu azikapita nako ku blolo n'kumakaonetsa makolo anga kuti onani ntchito ya mwana wanu. Bambo anga anali woomba nsalu wodziwika, ndipo anali kumeneko. Ndinamasula zonse n'kuyambiranso ndi ulusi wabwino. Kansalu kameneko, kakang'ono ngati chikhatho, ndi ntchito yokongola kwambiri yomwe manja angawa anagwirapo. Ndinaigwirira mwamuna wa mkazi wanga.

Lachinayi likafika, dzuwa likamapendeka, ndinkanyamula mphasa yanga kupita kwa achimwene anga a Yoboué, kumene ndinkagona m'kanyumba kosungiramo zilazi. Mudzi wonse unkadziwa. Pamthunzi pomwe timaomba nsalu anzanga ankanditcha mkazi wamng'ono, n'kumandifunsa ngati eni nyumba andilola kutuluka. Ana ankandilonjera mwaulemu wonyanyira akandiona ndi mphasa. Kunyumba mwamuna mnzanga wamtengoyo ankapatsidwa zilazi zosinja ndi mafuta ofiira, dzira lili pamwamba. Ine dzira ndinkalidya ndikadwala.

Ndinayesapo kubwezera. Ndinauza Sialou kuti nanenso ndikasemetsa mkazi wanga wa ku blolo, wa chiuno chotakata ndi mano a mpata, ndipo ndizigona naye tsiku lake. Ndinkayembekezera kuti akwiya. Iye ananena kuti ndi maganizo abwino, mayiyo ndimupatse Lolemba, ndipo ngati afuna Lachiwiri atengenso. Nkhaniyo ndinaisiyira pomwepo.

Chaka chisanathe Sialou anaima. Anabereka mwana wamkazi, Tanou, ndipo anakhala moyo. Pambuyo pake panabwera anyamata awiri, nawonso anakhala. Tanou asanathe n'komwe msinkhu anali atandipitirira kale, ndipo anthu ankamuyang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti mwanayu watengera bambo ake. Mbiya nazo zinaleka kuphulika. Ine ndinaona kuti chaka chomwecho Sialou anasiya dambo lakale, lomwe dothi lake linali ndi timiyala, n'kuyamba kukumba kutsidya kwa mtsinje, ndipo tsiku lina ndinamuuza zimenezi ngati munthu amene watulukira chinthu chachikulu.

"Nanga mukuganiza kuti anandilondolera kumeneko ndani?" anafunsa. "Inu?"

Musaganize kuti ankamuopa mwamuna mnzangayo. Tanou atadwala chikuku, thupi lili ngati mbaula, Sialou analowa kuchipinda, anamuvula mnzanga uja kansalu kake, n'kumutembenuza kuti ayang'ane khoma. Ndinamva ndili pakhonde.

"Nkhuku zanga zatopa kukuikirirani mazira. Mwana uyu akafa, inu ndikakuponyani pamoto wa mbiya."

Mlungu umenewo dzira ndinadya ine, ndipo ngakhale mtima unali pa mwana, sindingabise kuti linakoma. Koma mawu aja anandikhalabe m'khutu. Anali mawu omwewo amene ankandiyankhulira ine ndikachedwa kumaliro n'kubwera ndikununkha uchema. Tsiku limenelo ndinamumvera chisoni koyamba. Ine ndikakalipiridwa ndinkatha kutuluka kukakhala pamthunzi. Iye ankangoyang'ana khoma. Tanou anachira, kansalu kanabwerera, mazira anabwereranso komwe ankapita.

Tanou ali namwali, m'mudzi munafika mlaliki wochokera kugombe la nyanja, wa mkanjo woyera ndi belu m'manja. Ankalalikira kuti chosema chilichonse ndi nyumba ya ziwanda ndipo chiyenera kuwotchedwa. Woyamba kubatizidwa ndinali ine. Anthu anadabwa kuona chikhulupiriro cha Loukou, munthu amene ankawodzera ngakhale pa mlandu wake womwe. Ndinkakhala kutsogolo, ndinkaimba mokweza kuposa onse, ndipo mlalikiyo ankandiloza monga chitsanzo. Tsiku lowotcha litafika, anthu anaunjika pabwalo zigoba zovinira ndi zosema za m'nyumba zawo. Ine ndinapita kunyumba, ndinaima pamaso pa Sialou, n'kumuuza ndi mawu anga atsopano a kutchalitchi kuti m'nyumba mwanga simukhalanso fano.

Anali akusalaza mtsuko. Sanadzutse mutu.

"Chabwino. Yambani ndi lanu."

Ndinafunsa kuti langa liti. Analoza ndi mwala wake ku choombera changa. Pamwamba pa choombera pamapachikidwa kamtengo kokhala ndi kagudumu, komwe chingwe chimadutsapo ukamaponda ndi mapazi. Kanga kanali ka bambo anga, kosemedwa nkhope ya mkazi wa tsitsi loluka, kosalala chifukwa cha manja awo ndi anga.

"Kali ndi maso ndi pakamwa. Mumakayang'ana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuposa momwe mumandiyang'anira ine. Ndinadandaulapo?"

Ndinakamasula n'kupita nako kwa mlaliki, ndili wotsimikiza kuti anena kuti ichi ndi chida chabe ngati khasu. Anakayang'ana n'kunena kuti chilichonse cha maso ndi pakamwa chipite pamoto, ndipo anatambasula dzanja. Ndinamuuza kuti ndaiwala kanthu kunyumba. Kanthu kameneko ndikukafunabe mpaka lero. Chikhulupiriro changa sichinafike nyengo yokumba zilazi. Sialou sanaitchulenso nkhaniyi, kungoti akamasinja zilazi ankaimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi yomwe ndinkaikonda ija, munsi ukugunda molingana.

Bohoussou anaonerera ntchito zake zikupsa atapinda manja. Mlaliki atapita, ambiri mwa owotcha aja anayamba kumuyendera mozemba kuti awasemere zatsopano. Chaka chimenecho anafolera nyumba yake ndi malata.

Imvi zitayamba kwa amene anali ndi tsitsi, ndinamufunsa Sialou Lachisanu lina m'mawa kuti kwenikweni amakambirana chiyani ndi mnzangayo. Anati amagona. Nthawi zina munthuyo amabwera kutulo, nthawi zina sabwera, ndipo akapanda kubwera amagonabe. Anati sapempha madzi osamba, sakhosomola, sadzutsa munthu kuti amufotokozere mlandu wa mbuzi wa chaka chatha. Ana nawonso ankadziwa kuti Lachinayi chitseko cha mayi awo sichigogodwa. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akundiseka, koma nkhope yake inali yofanana ndi ya wa pakona uja. Chomwe ndikudziwa n'chakuti sanaphonyepo Lachinayi, ndipo Lachisanu ankadzuka akuimba.

Kenaka kunabwera nkhondo ija yomwe inadula dziko pakati. Mfuti zinalira ku Bouaké, ndipo posakhalitsa malire a mbali ziwirizo anadzagwera pafupi ndi minda yathu. Anthu anayamba kuthawa wapansi kulowera kumwera. Ife tinaganiza zopita kwa Tanou, amene anali atakwatiwa ku Yamoussoukro. Sialou anabereka mdzukulu wathu kumsana, pamutu anasenza mtolo wa zovala ndi miphika. Ine ndinanyamula ulusi ndi kagudumu ka bambo anga. Tili pafupi kunyamuka analowanso m'nyumba, n'kutuluka ndi mnzanga atamukulunga m'nsalu yoyera. Kumsana kwake kunali mwana, pamutu panali katundu, choncho anayang'ana ine. Ndinati tidzamupeza pobwera, asilikali alibe naye ntchito. Anatula mtolo wake, anakhala pakhonde, n'kunena kuti ndiye ndidzawapeza onse awiri pobwera. Mfuti zinkamveka kuseri kwa nkhalango.

Ndinamubereka kumsana ngati khanda, mbereko n'kumanga pachifuwa. Ndinayenda naye padzuwa msewu wonsewo, nkhalamba ya dazi yobereka mwana, nsapato zake zamtengo zikundibaya m'nthiti. Amayi ena othawa nawo ankafunsa ngati mwanayo akupuma, popeza sanamumve kulira.

Pamlatho wina tinapeza anyamata a mfuti atatchinga msewu ndi migolo. Ankatsitsa katundu wa aliyense. Munthu wina amene anali patsogolo pathu anamumenya ndi thako la mfuti chifukwa choyankha mochedwa, ndipo miyendo yangayi, yofupika kale, inafupikiranso. Mmodzi wa iwo anagogoda ndi mfuti kumsana kwanga, anamva kulimba, n'kundilamula kuti ndimasule. Ndinamasula. Mnzangayo anatulukira padzuwa ndi kabudula wake ndi wotchi yake, nkhope ili phee ngati masiku onse.

"Madala, ameneyu ndani?"

"Ndi amuna awo a mayi awa."

"Nanga inu?"

"Inenso."

Anayang'ana Sialou, anayang'ana ine, anayang'ana chosemacho, kenaka anaseka mpaka kutsamira mgolo. Anaitana anzake kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Wina anafunsa kuti wamkulu ndani, ndinati oberekedwawo. Amene anandigogoda uja atatha kuseka ananena kuti mayi ake nawonso ali naye wotere, ndipo bambo ake amagona kukhitchini Lachiwiri lililonse. Anamukulunga yekha ndi manja awiri, anandithandiza kumanga mbereko, n'kutiuza kuti tizipita. Katundu wathu wina sanamukhudze. Titayenda kamtunda Sialou ananena kuti mwamuna wake watipulumutsa. Sindinafunse kuti uti.

Titabwerera kumudzi tinapeza chitseko chili pansi, mbiya zonse zili mapale, choombera changa atasonkhera moto. Bohoussou anali atamwalira kothawirako. Sialou anatola mapalewo, anawasinja, n'kuwasakaniza ndi dothi latsopano. Mawondo sankamulolanso kuzungulira mbiya zazikulu, choncho ankakhala pampando n'kumalamula atsikana amene ankawaphunzitsa, ndipo mbiya ikapindika ankaiphwanya ndi ndodo osafunsa. Iye ankangoumba timiphika ta mafuta. Atsikanawo ankamuopa ngati mvula ya matalala, koma lero mukagula mtsuko pamsika wathu n'kupeza timizere titatu pansi pa khosi, chizindikiro cha Sialou, dziwani kuti wouumbayo analirapo pabwalo lathu.

Sialou anadwala nyengo ya mphepo ya fumbi. Tanou anabwera, tinapita naye kuchipatala, anatibweza ndi mankhwala oletsa ululu basi. Masana ena anandiitana kuchipinda n'kundiuza kuti akapita, wa pakonayo ntchito yake yatha, adzakhala mtengo wamba, ndisadzavutike kumupatsa mazira. Ndinafuna kunena mawu aakulu oyenera mwamuna amene wakhala ndi mkazi moyo wonse. Zomwe zinatuluka n'zakuti, ndiye kuti mukupita kwa iyeyo.

"Ndikukaona ngati alidi monga anamusemera Bohoussou," anatero. "Amisiri mumakokomeza."

"Nanga mukakamupeza alidi choncho?"

Anaganiza kaye, monga ankachitira poyesa dothi pakati pa zala.

"Ndiye inu ndizikupatsani Lachinayi."

Anamwalira patapita masiku ochepa. Tanou ankafuna kutenga chosemacho kuti akachiike pabalaza kwawo m'tauni, ndipo wamalonda wina wogula zosema zakale anafika maliro asanathe n'komwe. Azichemwali a Sialou anakana zonse ziwiri. Anati chikasiyidwe pamtumbira chitavala kansalu kake, chiswe chimalize. Ine sindinatsutse. Ndinangopempha kuti wonyamula ndikhale ine, popeza msana wangawu unali utamuzolowera.

Chaka chino ana anga anayamba kundivutitsa kuti ndipeze wondiphikira. Anandilozera Mo Kindo, wamasiye wogulitsa nsomba zowamba, mayi wodekha, woseka msanga, wosatalika kwenikweni. Ndinapita kukacheza naye nditavala nsalu yanga ya pazikondwerero. Tinakamba za mvula, za nsomba, za mawondo. Kenaka ndinamufunsa za wake wa ku blolo. Anati ameneyo sanamuvutitsepo, sanamuloteko n'kamodzi komwe, ndipo ndikamukwatira usiku uliwonse wa mlungu udzakhala wanga. Ankaganiza kuti akundiuza nkhani yabwino. Ine ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malere. Banja la anthu awiri okha sindilidziwa. Mkazi akakwiya ndiye kuti mkwiyo wonse ugwera ine ndekha, popanda wogawana naye. Ndinatumiza mawu akuti ndikuganizabe.

Ndili mkati moganiza, Mo Kindo anakwatiwa ndi dalaivala wa basi wopuma ntchito. Kuphwando lake anandikhazika pamodzi ndi akuluakulu, ndipo Mo Kindo anandisankhira yekha mutu wa nsomba.